Mtima unaongoka, eni ake n'kumapita

Abale anga, tili ndi chizolowezi ife anthu, ophunzira ndi osaphunzira omwe. Tikamwa mankhwala, chimene chimativutitsa chija n'kuleka kumveka, basi timati tachira. Lero ndikutengereni ku America muone m'mene maganizo amenewa anagwetsera m'mbuna ngakhale akatswiri a matenda a mtima.

Mtima umayendera timagetsi taketake, ndipo ndi timeneti timauuza nthawi yogunda. Tsono munthu amene mtsempha wodyetsa mtima wake unatsekekapo, iye n'kupulumuka, amatsala ndi chipsera pa mnofu wa mtimawo. Chipsera chimenechi chimasokoneza timagetsi tija, mtima n'kumagunda nthawi isanakwane. Ena amamva ngati mtima wadumpha. Madokotala anaona kuti mwa opulumukawa, amene mitima yawo inkadumphadumpha kwambiri ndiwo ankakonda kufa mwadzidzidzi.

Nzeru yake inaoneka yapafupi: letsani kudumphako, maliro achepa. Mankhwala analiponso, flecainide ndi encainide, ogwira ntchito mochititsa kaso. Wodwala akamwa, pepala lotuluka m'makina a ECG linkaonetsa kagundidwe koyenda bwinobwino. Nanga dokotala angafunenso chiyani? Anayamba kuwalembera odwala mwaunyinji.

M'chaka cha 1987 bungwe la boma la National Heart, Lung, and Blood Institute linayambitsa kafukufuku wotchedwa CAST. Odwala ankawagawa mwamaere: ena kulandira mankhwala enieni, ena mapiritsi ongofanana maonekedwe koma opanda kanthu m'kati. Madokotala ena anakana kulowetsamo odwala awo, ati n'kulakwa kumana munthu mankhwala amene aliyense akudziwa kuti amathandiza.

Mu Epulo 1989 mbali imeneyi ya kafukufukuyu inaimitsidwa nthawi isanakwane. Tamvani chiwerengero chake. Mwa anthu 755 amene ankamwa mankhwala enieni, anamwalira 63. Mwa 743 amene ankamwa mapiritsi opanda kanthu aja, anamwalira 26 okha. Izitu zinachitika m'miyezi pafupifupi 10 basi. Ndipo dziwani kuti onsewa anali atayesedwa kale, n'kupezeka kuti mankhwalawo akuletsadi kudumpha kwa mitima yawo. Ntchito imene anawapangira ankaigwira ndithu, koma pa mtima wa chipsera ankadzutsanso chisokonezo china choopsa kuposa choyamba chija.

Chimene chimandiimitsa mutu ine n'chakuti pakanapanda gulu la mapiritsi opanda kanthu lija, n'zokayikitsa ngati wina akanazindikira msanga. Wodwala mtima akafa mwadzidzidzi, ndani amadabwa? Dokotala amangoti matenda anakula, achibale n'kuvomereza kuti inali nthawi yake. Zinatengera anthu okhala pansi n'kumawerenga mbali zonse ziwiri kuti chilungamo chioneke.

N'chifukwa chake ndimadabwa nafe kwathu kuno. Tikamva zoti achipatala akuchita kafukufuku timayamba kunong'onezana, eti akufuna kutisandutsa mbewa zoyeserapo. Koma m'minibasi mukakwera mkulu wina ndi botolo lochiza mtima, BP, shuga ndi nyamakazi nthawi imodzi, timapisa m'thumba osafunsa n'komwe. Umboni wake? Akuti mayi wina anamwa ndipo mtima unasiya kuthamanga. Chabwino. Nanga amene anamwa n'kutsikira kuli chete, akuwawerenga ndani? Iwo aja sakwera minibasi kudzapereka umboni.

Sindikunena kuti aliyense wovala gawuni yoyera tizingomuvomera ayi. Munthu ali ndi ufulu wofunsa, kumvetsa, ngakhale kukana kulowa m'kafukufuku. Anthu 63 aja analinso ndi ana ndi abale awo, ndipo ambiri mwa iwo anataya moyo kuti ife tidziwe zimenezi. Koma kumeneko kunali komiti yapadera yowerenga maliro ndi mphamvu zoti "imani pomwepo". Kwa mkulu wa botolo uja komiti yake ndi iye mwini ndi thumba lake.

Encainide anachotsedwa pa msika mu 1991. Flecainide sanatayidwe: mpaka lero madokotala amamupereka kwa anthu ena amene mitima yawo imagunda mosokonekera koma mnofu wake uli bwino, osati kwa a chipsera aja. Choncho inu amene mukumwa mankhwala a mtima musakawataye m'chimbudzi chifukwa cha nkhani ino. Pitani nawo kwa adokotala amene anakulemberani, muwafunse kuti anayesedwa pa odwala a mtundu wanji.