Mzere wachisanu si theka la inchi

Tepi yoyezera imene amisiri a matabwa ndi owotcherera zitsulo a ku 25 de Setembro amagwiritsa ntchito ili ndi mbali ziwiri. Mbali ina ndi ya masentimita, muyeso umene sukulu za mu Mozambique zimaphunzitsa. Inayo ndi ya mainchi, muyeso umene mwana amakumana nawo m'masitolo a ku Moatize, kumene misomali imatchulidwa ndi mainchi ake ndipo mapaipi a madzi ndi a hafu inchi kapena makota atatu a inchi. Kutsidya kwa malire a ku Zóbuè, m'dziko la Malawi, zilinso chomwecho. Ife tikuti mphunzitsi wa zilankhulo ziwiri asaizembe mbali ya mainchiyi, chifukwa imaulula msanga ngati mwana wamvetsa mafulakishoni ndi madesimo kapena wangoloweza.

Pemphani ophunzira kuti aloze pamene pali inchi 0,5. Mudzaona ena akuwerenga timizere tisanu n'kuima. Anawa sakulota ayi. Ku mbali ya masentimita njirayi imawayendera, pakuti sentimita ili ndi magawo 10, ndipo mzere wachisanu ndiwo pakati. Koma pa matepi ambiri inchi ili ndi magawo 16. Mzere wachisanu ndi 5/16, kutanthauza 0,3125, pamene theka lili pa mzere wachisanu ndi chitatu. Kusiyana kwake ndi pafupifupi mamilimita 5, ndipo mmisiri akaphonya motero chitseko chimakana kulowa m'felemu, thabwa n'kuwonongeka.

Mankhwala ake ali m'Chinyanja chimene mwana wabwera nacho kuchokera kwawo. Mawu oti theka amawadziwa asanaone choko, chifukwa anagawanapo nzimbe ndi mnzake. Mpatseni kapepala kakatali kuti kaimire inchi imodzi, akapinde pakati. Limenelo ndi theka. Apindenso, apeze theka la theka, limene amisiri amati kota. Akapinda kachitatu magawo akwana 8, kachinayi akwana 16. Tsopano ayang'ane tepi ija. Adzaona yekha kuti mzere wautali pakati pa inchi ndi pamene anapinda koyamba, ndipo timizere timafupikirafupikira monga mwa kupinda kwake. Kenaka alembe nambala pa mpindo uliwonse: theka ndi 0,5, kota ndi 0,25, gawo limodzi mwa 8 ndi 0,125, gawo limodzi mwa 16 ndi 0,0625.

Lamulo libwere pambuyo pa zimenezi. Pofuna kupeza desimo pa tepi ya magawo 16, timachulukitsa desimoyo ndi 16, ndipo yankho ndilo chiwerengero cha timizere. Inchi 0,375 kuchulukitsa ndi 16 ndi 6, motero tiwerenga timizere 6, pamene ndi 3/8. Nanga inchi 0,3? Yankho ndi 4,8, kusonyeza kuti muyesowu ulibe mzere wakewake, uli pafupi ndi wachisanu koma sunafikepo. Apa mwana amaphunzira chinthu chachikulu, chakuti poyeza pali kuyandikira, ndipo woyeza ayenera kudziwa kuti waphonya pang'ono motani. Angathenso kutembenukira ku mbali inayo, pakuti kuyambira mu 1959 inchi ndi mamilimita 25,4 ndendende, choncho inchi 0,3 ndi mamilimita 7,62.

Ena amati nthawi ndi yochepa, ndipo dziko lathu limayeza ndi mamita. N'zoona, ndipo sitikupempha kuti inchi ilande malo a sentimita. Phunziro limodzi kapena awiri akwanira. Phindu lake limabwerera ku sentimita komweko, chifukwa mwana amene waona inchi ya magawo 16 amayamba kufunsa kuti muyeso wagawidwa kangati asanawerenge timizere.

Enanso amati Chinyanja chilibe mawu a masamu otere. Chigawo chathu cha Tete sichiyenera kukhala ndi mantha amenewa. Kuno ndi kumene ntchito yoyesera ya PEBIMO inaphunzitsa ana m'Chinyanja kuyambira mu 1993 mpaka 1997, pamene ku Gaza inkaphunzitsa m'Chichangana, maphunziro a zilankhulo ziwiri asanafalikire m'dziko muno. Mawu oti kupinda, kugawa, theka, kutsala ndi kuyandikira akwanira kunyamula phunziro lonseli. Mawu a Chipwitikizi monga metade, um quarto ndi polegada aperekedwe pamene mwana wagwira kale tanthauzo, kuti akhale maina atsopano a zinthu zimene akuzidziwa. Akaperekedwa poyamba, mwana amawayimba bwino koma chala chake chimalozabe mzere wachisanu.

Musaiwalenso kuti ife timalemba 0,75 ndi vírgula, pamene ku Malawi amalemba 0.75 ndi kadontho. Mwana wa ku Zóbuè amaona zonse ziwiri pa katundu wa m'misika, ndipo ayenera kuuzidwa kuti nambalayi ndi imodzi.

Aphunzitsi anzathu, m'mera mpoyamba. Pokayesera kuphunzitsa, bwerekani tepi kwa mmisiri wapafupi, konzani timapepala topinda, ndipo musalembe lamulo pa bolodi mpaka ana atafotokoza m'Chinyanja chifukwa chimene mzere wapakati uli wautali kuposa inzake.