Mbewa ya Manyazi Inafera Kuuna

Pali mwano wina umene wamera mizu pakoleji pano, ndipo ine ndatopa nawo. Amati munthu wodzisindikizira yekha buku ndi mlembi wolephera, amene anagogoda kwa ofalitsa mabuku nakanidwa, tsopano akugula dzina ndi ndalama zake. Mau amenewa ndawamva kwa ophunzira anzanga, ndawamvanso kwa ena mwa aphunzitsi athu. Ndiwayankha poyera, chifukwa ine ndamaliza nthano yaitali ya m'Chichewa ndipo ndiisindikiza ndekha. Sindikupempha chilolezo kwa wina aliyense. Ndikufuna tikangane ngati anthu ophunzira.

Otinyozawo amati kuona maso a nkhono n'kudekha: tumiza zolemba zako kukampani, dikira, ndipo ngati ziri zabwino adzazilandira. Malangizo okoma ndithu. Koma kodi tidikire pakhomo liti? Aliyense amene analowapo m'sitolo ya mabuku ku Blantyre kapena ku Lilongwe akudziwa chimene chadzaza mashelefu: mabuku a sukulu ndi mabuku a chipembedzo. Kampani yofalitsa mabuku m'dziko muno imadya kuchokera ku silabasi. Nthano imapeza msika wodalirika pokhapokha ikasankhidwa kuti ana ailembere mayeso a MANEB. Pepala ndi inki zimachokera kunja, ndipo kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu 2023. Wofalitsa mabuku ndi munthu wamalonda. Simungamuuze kuti athire ndalama zake pa nthano ya mwana wasukulu wosadziwika pamene buku la masamu liri ndi ogula kale. Ine sindimuda. Chimene ndikukana n'chakuti kukhala chete kwake tikutenge ngati chiweruzo cha luso langa. Zolemba zanga zinagona kukampani ina miyezi 14 popanda ngakhale kakalata konena kuti zafika. Kodi pamenepo ndinakanidwa? Munthu amakanidwa ndi amene wawerenga.

Ena amati yang'ana kunja. Inde, mndandanda wa African Writers Series umene Heinemann inayamba mu 1962 unatulutsa The Detainee ya a Legson Kayira mu 1974 ndi Of Chameleons and Gods ya a Jack Mapanje mu 1981. Timanyadira zimenezo. Komatu mabuku onsewo ndi a m'Chingerezi. Wolemba m'Chichewa alibe khomo ku London. Ndiye mukamati wolemba weniweni ndi yekhayo amene walandiridwa ndi kampani yaikulu, mukunena mosabisa kuti wolemba m'chiyankhulo cha amayi ake adikire mpaka imvi.

Tiyeni tikumbutsane za a Aubrey Kalitera, amene dzina lawo silimveka kawirikawiri m'makalasi mwathu. Buku lawo la A Taste of Business linatuluka ku Nairobi mu 1976. Munthu ameneyu sanali wokanidwa ai, khomo la kunja linali litamutsegukira kale. Koma anakhazikitsa Power Pen Books ku Blantyre, nayamba kulemba, kusindikiza ndi kufalitsa yekha nthano zake, monga Why Father Why ya mu 1982. Mukhoza kunena kuti nthano zawo zinali zachikondi ndi misozi, zosayenera kulemberapo digiri. Nenani. Koma zinkawerengedwa ndi Amalawi, m'dziko lawo lomwe, pa nthawi imene mabuku a olemba athu otchuka ankachita kudikira sitima yochokera ku Ulaya.

Ku Kenya a David Maillu anachita chimodzimodzi ndi Comb Books. After 4.30 inatuluka mu 1974, akatswiri a m'mayunivesite anaipsyontha, boma la Tanzania linaletsa mabuku awo mu 1976, koma makalaliki ndi masekeletale a ku Nairobi ankalandirana mabukuwo. Ku Nigeria timabuku ta pamsika wa Onitsha, tosindikizidwa ndi amalonda wamba, lero tikusungidwa mosamala m'malaibulale a mayunivesite akuluakulu. Ndipo popeza ena pano sakhulupirira kanthu mpaka mzungu atachita, naye mzungu: Walt Whitman anasindikiza yekha Leaves of Grass mu 1855, ndipo Virginia Woolf ndi mwamuna wake Leonard anagula kamakina mu 1917 nayambitsa Hogarth Press m'nyumba mwawo. Aphunzitsi athu, mukamatipatsa Woolf kuti tiwerenge, bwanji simutichenjeza kuti ameneyu anali wodzisindikizira?

Koma chitsanzo chachikulu chiri pamphuno pathu. Pamene Writers' Workshop inayamba ku Chancellor College mu 1970, lamulo lounika mabuku ndi zisangalatso la mu 1968 linali likuluma kale. Achinyamata a nthawiyo sanadikire kampani. Ankatayipa ndakatulo ndi nthano zawo pa stensulo, kupukusa makina, nkugawana mapepala onunkha inki. Ena mwa olemba amene lero timawalemberapo mayeso anaonekera koyamba pa mapepala oterowo. Kodi kumeneko sikudzisindikizira? Nanga kamagazini kano mukuwerengaka kanalandiridwa ndi kampani iti? Tikamanyoza wodzisindikizira tikutukwana mchombo wathu womwe.

Tsopano ndifike pa mfundo yawo yolimba, pakuti ilipo ndipo sindiizemba. Amati mabuku ambiri odzisindikizira ndi oipa: zilembo zolakwika patsamba loyamba lomwe, nkhani yosokonekera, munthu amene anamwalira m'mutu wachitatu akudya nsima m'mutu wachisanu ndi chiwiri, chikuto chomatuka buku lisanathe. Nzoona. Ndawaona mabuku otero, ndipo amatichititsa manyazi tonse. Koma nthenda yake tiitchule dzina loyenera. Mabukuwo sanaipe chifukwa mwini wake analipira yekha wosindikiza. Anaipa chifukwa sanadutse m'manja mwa mkonzi. Kampani yofalitsa mabuku imagwira ntchito zisanu: kusankha, kukonza, kuyala masamba ndi chikuto, kulipira wosindikiza, ndi kufikitsa buku kwa ogula. Wodzisindikizira wanzeru amadziwa kuti wasenza zonsezo. Walira mvula walira matope. Wopusa amalumpha ntchito yachiwiri, nathamangira kumakina ndi zolemba zimene wawerenga ndi iye yekha ndi chibwenzi chake.

Apa ndiye pamene ndikuloza chala inu, akuluakulu athu. Ntchito ya mkonzi ndi imene timachita m'gulu lathu lino tikakumana: kung'amba chiganizo, kufunsa chifukwa chimene mtsikana wa m'nthano wakhululukira msanga, kuchotsa ndime yokoma koma yopanda ntchito. Pakoleji pano pali akatswiri a Chichewa ndi a zolembalemba ochuluka kuposa amene kampani iriyonse ya m'dziko muno ingalembe ntchito. Mmalo motiuza kuti tidikire, tengani bolopeni yofiira. Mutu umodzi susenza denga. Ngati buku langa lidzatuluke ndi zolakwa pambuyo poti ndinalibweretsa pano inu nkungoliyang'ana m'mbali, manyaziwo tidzagawana.

Njira yake si yamatsenga. Nthano yanga idutsa m'gulu lino mutu ndi mutu. Kenaka ndipeza munthu wodziwa malamulo a kalembedwe ka Chichewa, ndimulipire, aiwerenge chilembo ndi chilembo. Nambala ya ISBN imatengedwa ku National Archives ku Zomba, komwenso lamulo limafuna kuti buku losindikizidwa m'dziko muno likasiyidwe. Makina a masiku ano amalola kusindikiza makope ochepa, kotero ndiyamba ndi 200, osati mulu wodzadyedwa ndi chiswe pansi pa bedi. Akatha ndidzabwereza. Akapanda kutha ndidzaphunzira kanthu kamene kalata yokanira sikanandiphunzitsa.

Anzanga ena amandiuza kuti ndingoliponya pa Amazon, imene chiyambire 2007 imalola aliyense kufalitsa buku pa Kindle, nkumapereka kwa wolemba 35 kapena 70 peresenti ya mtengo, pamene makampani kawirikawiri amapereka cha m'ma 10 peresenti. Kwa wolemba wa ku America zimenezo zatheka: The Martian ya Andy Weir inalowa choncho pa Kindle mu 2012. Koma owerenga anga ali ku Ndirande, ku Mponela ndi ku Jali. Ndalama zawo ziri pa Airtel Money ndi pa Mpamba, osati pa khadi la banki logulira zinthu kunja. Ndipo buku likangolowa pa WhatsApp limafika mafoni zikwi mwini wake osaonapo ngakhale tambala. Choncho langa likhala la pepala, ndipo ndidzalinyamula m'chikwama kupita nalo kumasukulu, kumaofesi ndi kumadepoti a basi. Wina adzati mwana wa payunivesite wasanduka venda. Ndavomera. Wogulitsa tomato amene analima yekha sachita manyazi pamsika, nanga ine ndichite manyazi ndi nthano yanga chifukwa chiyani?

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. M'masutukesi a m'mahositelo muno muli nthano zambiri zimene eni ake akuzisungira tsiku limene kampani idzawaitana. Zaka zinai zikatha adzapita nazo kwawo, adzapeza ntchito kubanki kapena kusukulu, ndipo mapepalawo adzakulungira zitumbuwa. Chichewa chimayankhulidwa ndi anthu mamiliyoni ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, koma nthano zatsopano zimene zimatuluka pa chaka simungadzaze nazo shelefu imodzi. Amene akuti tidikire atiuze kuti adzadzaza shelefuyo ndani.

Buku langa likatuluka, ligulani, liwerengeni, ndipo ngati liri loipa lembani m'kamagazini komwe kano kuti ndi loipa, mutchule tsamba ndi mzere. Chiweruzo chimenecho ndidzachilandira ndi manja awiri, chifukwa chidzachokera kwa munthu amene wawerenga.