Za Magalimoto: Lamba Wolira M'mawa

Inu eni malole ndi madalaivala a ku Mangochi, Makawa ndi Monkey Bay, sabata ino tikambe za kulira kuja mumamva m'mawa miyezi ya June ndi July, mwera ukamaomba panyanja. Mwapakira nsomba usiku kuti mulawirire ku Limbe, koma pongoliza injini mukumva "kwiii!" ngati khoswe wopanidwa pamsampha. Ambiri a inu mumati, "Zisiya zokha dzuwa likatuluka." Zoona zimasiya, koma tsiku lina zidzakugonekani pa Ulongwe, chambo chikuwola m'lole.

Kawirikawiri cholira ndi lamba wa injini, amene amakaniko amati fanibeluti. Lambayu ndi wamphira, ndipo mphira ukazizidwa umauma. Onjezanipo mame. Nthawi yomweyonso alitaneta imalemera, pakuti ikubwezera moto umene batire yataya poliza injini. Tsono lamba wouma ndi wonyowa akasenzetsedwa katundu wotere amaterereka pa timagudumu take tija, mapule, ndipo kulira mukumvako ndiko kutererekako.

Musathamangire kugula kanthu. Yambani mwazimitsa injini, nimudinikize lamba ndi chala chachikulu pakati, pamene mapule atalikirana. Akalowa kupitirira sentimita imodzi, pafupifupi theka la inchi kwa inu akale, ndiye kuti wakhwepa. Muyang'anenso m'kati mwake. Ngati ali ndi ming'alu, kapena akunyezimira ngati mbale yotsukidwa ndi mchenga, watha ameneyo. Ngati ali ndi oilo, funani podontha, chifukwa watsopano naye adzaonongeka chimodzimodzi.

Kenaka lizani injini, nimuwaze timadzi pang'ono pa lambayo. Koma chonde pindani manja a malaya, ndipo mwana wonyamula botolo aime patali, pakuti lamba sadziwa chala cha mwini galimoto. Kulira kukakula, lamba ngwokhwepa. Kukaleka kanthawi nkuyambanso, mapule sali pamzere umodzi kapena lamba wadyeka. Kukapanda kusintha konse, makamaka ngati nkokukuta ngati mphero, mlandu suli pa lamba ayi, uli pa beringi ya pule ina.

Kuti mudziwe pule yake, zimitsani injini, chotsani lamba, ndi kuzunguza iliyonse ndi dzanja. Yabwino imayenda myaa. Yodwala imakhakhala, kapena kugwedera mukaikankha uku ndi uku. Mchenga wa m'misewu ya kumadooko ndiwo umadya maberingi msanga. Pa pampu ya madzi yang'anani ngati pali madontho pansi pake, pakuti imeneyo ikafa injini imawira.

Pali mankhwala ena amene ife sitigwirizana nawo konse: kupaka sopo kapena girisi pa lamba. Kumeneko nkutseka pakamwa wodwala, matenda ali pompo. Enanso amakunga lamba ngati chingwe cha khoka, osadziwa kuti akupha maberingi a alitaneta ndi pampu, zinthu zodula kuposa lambayo kutalitali. Magalimoto ambiri atsopano ali ndi lamba mmodzi yekha woyendetsa zonse, wokungidwa ndi pule ya sipuling'i. Pamenepo palibe chokunga ndi sipanala. Sipuling'iyo ikatopa, musinthe chonsecho.

Inu okwera mtunda wa ku Namwera, kumene kumazizira koposa kuno kunyanja, gulani lamba watsopano June asanafike, ndipo wakaleyo musamutaye. Muikeni kuseri kwa mpando pamodzi ndi sipanala zake.