Mupatseni mbeta maikolofoni

Pa ukwati uliwonse mu Lusaka pali nthawi imene tonse tiidziwa. Keke yadulidwa, nkhuku yatha, ndiye MC aitana atsikana onse osakwatiwa kuti abwele kutsogolo akagwile maluwa. Ang'onoang'ono athamanga uku akuseka. Koma pali mkazi mmodzi wa zaka 34 amene akhala cabe pa mpando, maso mu foni monga muli meseji yofunika. MC amuona, amuchula dzina, holo yonse ifa na nseko. Ba anti a pa tebulo ya kumbuyo akuwa kuti, "Nyamuka iwe, kapena lelo ndiye tsiku yako!" Iye amwetulila, cifukwa akakwiya adzakamba kuti ndiye cifukwa cake alibe mwamuna.

Mkazi ameneyu timamuseka paliponse: mu masewelo, mu tumavidiyo twa pa Facebook, pa kicheni pate, olo ku chechi. Ise amene timathandizako pa wailesi tidziwa kuti tikatsegula mafoni pa nkhani ya akazi osakwatiwa, laini siipuma. Aliyense ali na cokamba pa iye: asankha maningi, sukulu inamuononga, ali na mwamuna wa kumizimu. Iye mwini satumako foni.

Ndiye cifukwa cake tifuna kuikila kumbuyo mabuku amene anthu ophunzila amawanyoza: manovelo oseketsa okamba za akazi osakwatiwa, cikondi na zibwenzi za masiku ano. Mu Cizungu anawapatsa dzina yakuti chick lit. Liwu yoyamba ija itanthauza kamwana ka nkhuku, ndipo amaitanila nayo atsikana mowacepetsa. Dzina yokha ikuuzani kale kuti musawaŵelengele. Ise tikana. Mu mabuku amenewa, mkazi wa pa mpando uja ndiye agwila maikolofoni, ndipo holo yonse ndiye isekedwa.

Tiyambe na buku imene inachukitsa mtundu umenewu. Mu 1995, Helen Fielding anayamba kulemba mu nyuzipepala ya The Independent ku Britain monga kuti ni dayale ya mkazi wina wa ku London, wa zaka zopitilila 30. Mu 1996 inakhala buku, Bridget Jones's Diary, ndipo mu 2001 inakhala filimu. Bridget amalemba sikelo yake, fodya amene wakoka na mowa umene wamwa, n'kulonjeza kuti mawa asintha. Mawa ikafika, sasintha. Amai ake amuguzila ku pate ya caka catsopano kuti akakumane na loya wina, Mark Darcy, pamene iye mtima uli pa abwana ake a ku nchito, mwamuna wa pakamwa pokoma koma wabodza. Anzake a makolo ake samupatsa mpata: funso ni imodzimodzi imene ba anti athu amafunsa.

Inde, timamuseka Bridget. Koma onani kusiyana kwake. Ndiye amene atiuza yekha zopusa zake, ndipo akatsiliza atembenuka n'kutionetsa ena onse: okwatilana amene amunyadila pagulu koma kunyumba sakambitsana, mwamuna amene afuna zonse za cikwati kupatulapo cikwati cokha. Mu sewelo yathu mbeta amangoloŵa kuti asekedwe n'kutuluka. Mu buku iyi tikhala mu mutu mwake masamba onse, ndipo munthu amene wakhala mu mutu mwake cimavuta kumuseka mwankhanza.

Wina adzati izi ni za azungu, ife sizitikhudza. Ameneyo sanaŵelenge Yinka, Where Is Your Huzband? ya Lizzie Damilola Blackburn, imene inatuluka mu 2022. Yinka ni mwana wa banja ya ku Nigeria yokhala ku London, anaphunzila ku Oxford, koma kwa amai ake na ba anti ake digili siilowa m'malo mwa mphete. Amamupemphelela mokweza, pa maso pa anthu, kuti Mulungu amupatse mwamuna. Ndani wa ife amene sanamvepo pemphelo yaconco, ija yoyamba na "Atate" koma cala cikulata munthu? Ku Lagos, Damilare Kuku anatulutsa mu 2021 nkhani zifupizifupi, Nearly All the Men in Lagos Are Mad. Mutu wake cabe, cotsani Lagos muikepo Lusaka, muone ngati pali mtsikana wa mu Kabwata amene angatsutse. Ndipo Zukiswa Wanner, amene analemba The Madams mu 2006, buku yoseketsa ya akazi atatu apaubwenzi na zikwati zawo zogwedezeka ku South Africa, anabadwila muno mu Lusaka.

Wina adzati mabuku awa aononga atsikana, awaphunzitsa kukonda ndalama na kusintha amuna. Tengani The Blessed Girl ya Angela Makholwa, ya mu 2017. Bontle akhala ku Johannesburg, ali na motoka yodula na nyumba yabwino, zonse zolipilidwa na mablesa. Akamba na woŵelenga monyada, ndipo useka mpaka nthiti kuŵaŵa. Koma pamene uyenda na buku, nseko iyamba kuuma pakamwa, cifukwa uona mtengo umene alipila na thupi na maganizo, komanso cimene cinamucitikila ali mwana. Palibe alangizi amene angacenjeze mtsikana kupambana apa. Ulaliki umatseka makutu a wacicepele. Nthabwala imaloŵa iye asanadziwe kuti aphunzitsidwa.

Ndipo amene akamba kuti nkhani ya cikwati ni yopepuka aiwala kuti pansi pake pali ndalama. Fielding anabweleka mafupa a nkhani yake ku Pride and Prejudice ya Jane Austen, ya mu 1813. Mmenemo muli atsikana asanu amene atate awo akamwalila, nyumba ipita kwa wacibululu wamwamuna, conco kukwatiwa ndiyo njila yopezela pogona. Austen mwini sanakwatiwepo. Lelo buku yake amaiphunzitsa mu mayunivesiti, koma adzukulu ake a mu mashelufu timawacha zinyalala. Funsani mkazi aliyense amene anayesapo kufuna nyumba ya lendi yekha, landilodi n'kumufunsa kuti amuna anu ali kuti. Funsani uja amene amalipilila abale ake sukulu, koma pa msonkhano wa banja amamukhazika pamodzi na ana. Izi si zopepuka. Ni nkhani ya ulemu na pogona.

Sitikamba kuti mabuku awa alibe colakwa. Ali naco, ndipo cimatikwiyitsa. Ambili a iwo amatha masamba 300 kutionetsa kuti mkaziyu ni munthu wathunthu payekha, ndiye pa tsamba yomaliza amupatsa mwamuna monga mphoto. Ba anti aja apambana ndithu, angocedwa cabe. Cina, pafupifupi onse akamba za akazi a ma ofesi, okhala na ndalama ya waini na takisi. Ndipo onse amene tachula apa ali mu Cizungu. Mtsikana wa mu buthi ya mobile money mu Chawama, amene funso ya "udzakwatiwa liti" imamupeza kangapo pa wiki, mulibemo.

Koma mankhwala a buku yopeleŵela si kuinyoza. Ni kulemba ina. Apa ndiye pali mlandu wathu, ise okamba Cinyanja. Cinenelo cathu cidziwa kuseketsa: makolo athu anali kuzungulila wailesi kumvela Julius Chongo mu Poceza m'Madzulo, ndipo mpaka lelo amene anamumvako amaseka akakumbuka. Imvani cabe mmene atsikana amasimbila za cibwenzi cimene cinalakwika, mu saluni kapena mu minibasi yopita ku Matero. Nkhani ilipo, mau alipo, oseka alipo. Cimene cisoŵa ni munthu woikhazika pa pepala, kuti isathele mu voice note imene idzafufutika foni ikadzala.

Tiganizileni dayale ya mkazi wa zaka 32 wogulitsa salaula ku Soweto Market. M'malo moŵelenga fodya, aŵelenga mabandulo amene watha poyembekezela meseji ya mwamuna amene anati ni wosakwatila, kufikila tsiku imene mkazi wake anatuma foni. Aŵelenga ndalama zimene wasonkha mu makomiti a maukwati a anzake, na vitenge va yunifomu vimene vadzala mu sutukesi. Amvela alangizi akuuza mkwatibwi kuti cikwati ni shipikisha club, ndipo adzifunsa kuti n'cifukwa ciani onse amuthamangitsila mu kilabu imene mamembala ake amalila. Afuna cikondi, sakana, koma safuna kucigula na mtendele wake. Pa tsamba yomaliza angakhale na munthu kapena ayi. Cacikulu cikhale cakuti lendi walipila yekha ndipo agona tulo.

Buku imeneyo tingaigule, tingaiŵelenge pa wailesi cigawocigawo, tingaibwelekane mpaka cikuto kucoka. Imwe amene mumaseketsa gulu yonse ya pa WhatsApp na nkhani za ma ex anu, yambani na tsamba imodzi usiku uno. Ndipo ise ena, pa ukwati wa pa Ciŵelu cikubwela, MC akayamba kusakila mbeta na maso, tiyeni tileke kumuthandiza.