Mwana akapempha kukaphunzira zaluso kunja

M'makomo mwathu ambiri muli nkhani imene imaziziritsa nsima. Mwana amene tamuphunzitsa movutikira, amene tinkayembekezera kuti adzakhala dokotala, loya kapena wowerengera chuma, afika tsiku lina n'kunena kuti mtima wake uli pa luso lopanga zithunzi, mafilimu ndi nyimbo pakompyuta, ndipo akufuna kukaliphunzira pa yunivesite ya kunja. Bambo amangoti chete, mayi n'kufunsa ngati zojambula zinadyetsapo munthu. Lero, okondedwa awerengi, tiyeni tilingalire limodzi za pempho limeneli, pakuti yankho lopupuluma, kaya lokana kaya lovomera, lingathe kuwononga tsogolo la mwana ndi chuma cha banja lomwe.

Poyamba tidziwe chimene mwanayo akupempha. Wophunzira luso limeneli amagwiritsa ntchito kamera, mawu, kuwala ndi mapulogalamu a kompyuta popanga chinthu choti anthu achione, achimve, mwinanso kuchikhudza. Amaphunzira kulemba yekha malangizo oyendetsera kompyuta, ndi kulumikiza timakina tozindikira kuyenda kwa munthu kuti chithunzi cha pakhoma chizisintha woonerera akayandikira. Ena mwa omaliza maphunzirowa amaonetsa ntchito zawo m'nyumba zachionetsero, ena amakagwira ntchito ya mafilimu, masewera a pakompyuta, zotsatsa malonda kapena uphunzitsi.

Si masewera a ana ayi, ndipo si zachilendo monga tiganizira. Mumzinda wa Linz ku Austria mumachitika chikondwerero cha luso limeneli, chotchedwa Ars Electronica, chimene chinayamba mu 1979. Ku Germany, mu 1989 anakhazikitsa malo aakulu a zaluso otchedwa ZKM mumzinda wa Karlsruhe, ndipo akusungidwa m'nyumba imene kale inali fakitale ya zida zankhondo. Mu 1990 anatsegula sukulu ya ukachenjede ya luso lomweli, Kunsthochschule für Medien, mumzinda wa Köln. Ngakhale munthu amene ambiri amamutcha tate wa luso la vidiyo, Nam June Paik wa ku Korea, anali wophunzira wachilendo. Anafika ku Germany mu 1956 kudzaphunzira nyimbo, ndipo mu 1963 anaonetsa mumzinda wa Wuppertal mawailesi akanema amene anawasokoneza dala kuti zithunzi zake zizipindika. Choncho kumuseka mwana wathu n'kulakwa.

Komabe Paik anachokera m'banja lolemera la amalonda a nsalu, pamene ambirife chuma chathu ndi munda, kamalipiro ka pamwezi ndi penshoni. N'chifukwa chake tiyenera kuwerengera mtengo tisanavomere. Ana athu amamva kuti ku Germany sukulu ndi yaulere, ndipo n'zoona kuti mayunivesite ambiri a boma salipiritsa fizi. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chigawo cha Baden-Württemberg, kumene kuli Karlsruhe, chinayamba mu 2017 kulipiritsa ophunzira ochokera kunja kwa mgwirizano wa European Union ndalama zokwana 1,500 euro pa theka lililonse la chaka. Kuwonjezera apo, wopempha viza ya maphunziro amayenera kusonyeza kuti ali ndi ndalama zodzisamalira. Mu 2024 ndalamazo anaziika pa 11,904 euro pachaka, ndipo kawirikawiri zimasungidwa mu akaunti yotsekedwa imene wophunzira amatapamo 992 euro yokha pamwezi. Ganyu ndi yololedwa, koma lamulo la mu 2024 linaika malire a masiku athunthu 140 pachaka.

Tiyeni tiike ziwerengero zimenezi pambali pa kwacha yathu, imene inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Banja limene linawerengera ndalama za mwana mwezi wa October chaka chimenecho linadzuka likupereweredwa kwambiri popanda kulakwa kwina kulikonse. Tsono kugulitsa munda kapena kutenga katapila chifukwa cha chaka choyamba chokha, tisakudziwa kochokera ndalama za chaka chachiwiri, n'kumutaya mwana pakati pa nyanja. Tichenjerenso ndi anthu amene amalonjeza malo asukulu tikawapatsa kangachepe. Sukulu zazikulu za luso zimasankha wophunzira poona ntchito zimene wapanga kale ndi manja ake, ndipo nthawi zambiri zimamufunsanso mafunso. Malo oterowo sagulidwa.

Apa m'pamene pagona funso lofunika kuposa la ndalama: kodi mwanayo akunyamula chiyani popita? Makina akawapeza komweko, ndipo anzake a m'kalasi anayamba kuwagwira ali aang'ono. Chimene aphunzitsi ake sangamupatse ndicho nkhani yoti anene.

Tione chitsanzo cha mwana wa kwathu konkuno, Samson Kambalu, wobadwa mu 1975. Iye anayamba waphunzira zaluso ndi nyimbo zamakolo pa Chancellor College ku Zomba, kenako n'kupita ku Britain kukapitiriza pa Nottingham Trent University. Anatchuka ndi timafilimu tafupitafupi timene anatitcha Nyau Cinema, timene amadzijambula yekha m'misewu ya mizinda yachilendo, potengera gule wamkulu ndi makanema amene ankaonera ali mwana. Mu 2015 ntchito zake zinaonetsedwa pa chionetsero chachikulu cha ku Venice, ndipo anafika pophunzitsa zaluso pa University of Oxford. Mu 2022 chosema chake cha m'busa John Chilembwe chinaimikidwa pa Trafalgar Square pakati pa London. Chilembwe anaimirira pambali pa mmishonale John Chorley atavala chipewa, monga alili pa chithunzi cha mu 1914, nthawi imene munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Ena a ife sitingagwirizane ndi zonse zimene Kambalu amapanga, koma tisaphonye phunziro lake. Chimene chinaimitsa anthu a ku Ulaya n'chimene iye anachoka nacho kuno: mbiri yathu, magule athu ndi zimene anaona akukula.

Pali phunziro linanso pa ulendo wake. Digiri yoyamba anaipeza kwawo, ndipo kunja anapita atakhwima kale. Kwa mabanja ambiri njira imeneyi ndiyo yanzeru, pakuti maphunziro a digiri yachiwiri amatenga zaka zochepa, ndipo thandizo la maphunziro limapezeka kwambiri kwa amene ali kale ndi digiri ndi ntchito zoonetsa.

Tsono makolo tichite chiyani? Mwana akabwera ndi pempho limeneli, timuuze atikhazike pansi ndi kutionetsa zimene wapanga, ngakhale zili pafoni. Ngati wakhala zaka akudzuka usiku kukonza kafilimu popanda womukakamiza, luso lilipo, ndipo si bwino kulikwirira. Ngati alibe choonetsa koma chilakolako chokwera ndege, timuuze mwachikondi kuti nthawi sinakwane. Timufunse dzina la sukulu, chiyankhulo chophunzirira ndi ndalama za zaka zonse, zolembedwa papepala. Safunsa anadya phula.

Akapita, tisamuiwale, ndipo tisamusandutse nkhokwe. Wophunzira amene akulimbana ndi chisanu, chiyankhulo chachilendo ndi lendi sangathe kumalandira mafoni opempha ndalama za feteleza mwezi uliwonse. Ana ena amabisa mavuto awo poopa kukhumudwitsa makolo amene anawaperekeza ndi nthungululu. Timuimbire foni kuti timve za moyo wake, timukambire za kumudzi, ndipo timutsimikizire kuti zikakanika khomo lake n'lotsekula.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo sitingamange ana athu pakhonde. Koma tisanamuperekeze ku bwalo la ndege, tidzifunse ngati tawerengera mtengo wonse, ndiponso ngati pa zaka zonse zimene wakhala m'nyumba mwathu tamupatsa nkhani yoti akanene kumeneko.