Ya mafuta kapena ya matola? A ndege anadula kale mzere

Awerengi anzanga, sabata ino ndikufuna tikwere ndege. Musaseke. Ndikudziwa kuti ambirife ndege timangoionera m'mwamba, ana n'kumaikuwiza, ndipo ikatera kuno kwathu ndiye kuti yabweretsa alendo odzaona njovu ndi mvuu ku Liwonde National Park. Koma ilipo nkhani ya ndege imene ikufanana ndendende ndi zochitika za tsiku ndi tsiku pa Mangochi Turn-off, pa Balaka ndi pa Ntaja. Tiyeni nayo.

Okonda mpira mukumukumbuka Emiliano Sala, mnyamata wa ku Argentina uja amene ankamwetsa zigoli ku timu ya Nantes ya ku France. Mu January 2019 timu ya Cardiff City inamugula ndi mapaundi 15 miliyoni. Usiku wa pa 21 January anakwera kandege ka injini imodzi ka mtundu wa Piper Malibu kuchoka ku Nantes kupita ku Cardiff kuti akayambe ntchito. Sanafike. Kandegeko kanagwera m'nyanja ya English Channel. Thupi la Sala analivuula patapita masabata awiri ndi masiku, pamene la woyendetsa, David Ibbotson, silinapezeke. Sala anali ndi zaka 28 zokha.

Ofufuza ngozi za ndege ku Britain atatulutsa lipoti lawo mu 2020, zinaululika zoti zikanachitika pa msewu wa Liwonde-Ntaja tikanangoti "matola basi." Bambo Ibbotson anali ndi laisensi yoyendetsera ndege mwa iwo okha, osati yonyamula anthu pa malipiro. Analibenso chilolezo chouluka usiku. Ndege yakeyo inkalowetsa utsi wa poizoni m'kati. Koma ulendowo unali wolipira. Amene anaukonza, David Henderson, khoti la ku Cardiff linamupeza wolakwa ndipo mu November 2021 linamulamula kukakhala kundende miyezi 18.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Lamulo silikaniza munthu wa laisensi ya payekha kunyamula anzake, ndipo silimukaniza kulandira kangachepe. Ku America, komwe kandege ka Sala kanalembetsedwa, bungwe loona za ndege la FAA limati mutha kusonkherana ndalama ya mafuta, oilo, yolipira pa bwalo la ndege ndi ya hayala ya ndegeyo. Zokhazo. Koma woyendetsa naye apise m'thumba, ndipo gawo lake lisachepere la wina aliyense. Mukakhala anthu anayi, iye alipire limodzi mwa magawo anayi kapena kuposa apo. Akangolipira zochepa, ndiye kuti wayamba bizinesi popanda chiphaso.

Si zokhazo ayi. Woyendetsayo akhale kuti naye ali ndi chifukwa chake chopitira komwe mukupitako. Osati inu ndinu muli ndi ukwati ku Mzuzu, iye n'kuti "kwerani ndikakutuleni, mungogula mafuta." Imeneyo ndi hayala yovala jekete la ubale. Ndipo chomwe chinandiseketsa ine n'choti lamulo lawo limaletsanso kuitanira! Inde, kuitanira komweku kwa anyamata a pa depoti. Kunali kampani ina yotchedwa Flytenow imene inatsegula tsamba pa intaneti loti oyendetsa ndege azilembapo kuti mawa ndikupita kwakuti, mipando ilipo iwiri. A FAA anati kumeneko n'kuitanira anthu wamba, ndipo woitanira akhale ndi ziphaso za bizinesi. Nkhani inapita kukhoti, mu December 2015 kampaniyo inagonja n'kutseka, ndipo mu 2017 khoti lalikulu la dzikolo linakana kuimvanso. Ku Ulaya anafewetsako pang'ono: amalola kulengeza, bola m'ndegemo musapitirire anthu 6 kuphatikizapo woyendetsa, ndipo iye asonkheko.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ku America munthu atha kutenga laisensi ya payekha atauluka maola 40 okha, pamene ya bizinesi imafuna maola 250. Mnzako amene umamudziwa, ukamakwera ndege yake umadziwa kuti ukukwera ya wophunzira kumene, wasankha wekha. Koma mlendo amene wangomva kuitanira amaganiza kuti wina wake kwinakwake anamuyesa woyendetsayu ndi kuyendera ndegeyi. Lamulo likuteteza mlendoyo.

Tsopano titsike, tiponde fumbi lathu.

Malamulo a pamsewu m'dziko muno, omwe mutu wake ndi Road Traffic Act ya 1997, nawo amasiyanitsa galimoto ya pakhomo ndi yonyamula anthu pa malipiro. Ngakhale mwana wa sitandade 3 amadziwa: nambala yachikasu ndi ya bwana ndi banja lawo, nambala yofiira ndi ya bizinesi. Wa nambala yofiira amayenera kukhala ndi chilolezo choyendera pa msewuwo, COF yosonyeza kuti galimoto ndi yabwinobwino, inshuwalansi yoyenera, komanso dalaivala wake akhale ndi chiphaso chapadera chonyamulira anthu. Zonsezi ndi ndalama, ndiponso ndi mizere ya ku Road Traffic imene mukuidziwa ija.

Nanga imani pa Liwonde Loweruka m'mawa muwerenge. Mwa galimoto zomwe zikupakira anthu opita ku Nsanama, ku Ntaja, ku Ulongwe ndi ku Balaka, ndi zingati za nambala yofiira? Yankho mulisunge mumtima. Sienta ya mipando 7 imadya anthu mpaka chitseko kuchita kutsekedwa ndi bondo, wina atakhala mophatikizana ndi dalaivala, giya ili pakati pa miyendo yake. Ndiye mukamufunsa dalaivalayo akuti, "Ayi achimwene, awa angondithandiza ya mafuta." Ya mafuta kasanu pa tsiku, Liwonde-Balaka, Balaka-Liwonde? Galimoto yakumwa bwanji imeneyo!

Koma ndisanayambe kugenda aliyense, tiyeni tiwasiyanitse anthuwa, pakuti si onse a matola. Taganizani za mphunzitsi wa ku Ntaja amene anadzimana zaka n'kugula kagalimoto kake. Mwezi watha, akupita ku banki ku Liwonde. Aphunzitsi anzake atatu nawo akupita ku banki komweko. Agwirizana madzulo ake mu stafurumu kuti aliyense aponyepo kenakake. Kodi ameneyu ndi chigawenga? Mwa muyeso wa a ndege uja, iyeyu wakhoza mayeso onse: ulendo ndi wake, anthu ndi odziwana, sanaitanire, ndipo naye wasonkha. Kumulipiritsa chindapusa munthu wotere n'kulanga umunthu.

Ndiye pali bwana wa mu ofesi, wogwira ntchito pa Balaka koma banja lili ku Lilongwe. Lachisanu masana ulendo ndi wakedi, palibe angatsutse. Koma m'malo monyamuka, wayamba kaye kuzungulira pa siteji, galasi lili lotsitsa, mnyamata woitanira ali pambali: "Lilongwe imeneyo, yachangu, yosaima!" Tiyerekeze kuti mafuta a ulendowo ndi a K60,000, kuphatikizapo ya pa matologeti a pa M1 omwe anayamba ndi la pa Chingeni mu 2021. Akanakhala anthu anayi osonkherana, aliyense ndi K15,000, bwana yemwe. Koma bwana anyamula anthu anayi, aliyense K20,000. Yakwana K80,000. Wayenda ulere, ndipo K20,000 yatsala ya nyama ya Lamulungu. Apa mawu oti "ya mafuta" atha ntchito. Ameneyu ndi minibasi yovala tayi.

Eni minibasi, kudzera ku bungwe lawo la MOAM, akhala akulira ndi zimenezi, ndipo pa nkhani iyi yokha ine ndili nawo. Munthu sangalipire ziphaso zonse zija kenako n'kumaonerera makasitomala ake akutoledwa pakhomo pa depoti ndi wina amene sanalipire olo tambala. Kungoti nawonso a minibasi asadziyeretse. Chimene anthu amathawira ku galimoto za eni ndi maola awiri odikira kuti idzaze, anyamata onamizira kukhala okwera ali phwii m'mipando, komanso kugulitsidwa panjira ngati mbuzi ukafika pa Chingeni. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine si mpikisano wa mabizinesi. Ndi sewero lija timachita tikamayandikira rodibuloko. Nonse mukulidziwa. Dalaivala atsitsa wailesi n'kutembenuka: "Akafunsa, inu mayi ndinu apongozi anga, inu achimwene ndinu alamu, tikupita ku maliro." Tonse n'kuvomera, ena mpaka kugwetsa nkhope ngati ofedwadi. Tikadutsa, kuseka. Koma taganizani bwino zomwe tachita pamenepo. Tathandiza munthu kubisa umboni womwe ukanatiteteza ife tomwe.

Pakuti tayala likaphulika pa mapiri a Machinga paja, nkhani imasanduka ina. Inshuwalansi ya galimoto ya pakhomo nthawi zambiri imanena poyera kuti siikhudza kunyamula anthu pa malipiro. Ndiye wovulala ali gone m'chipatala, mwendo uli m'chikhakha, abale akuyamba kuyenda za chipepeso. Akanena zoona kuti analipira, a inshuwalansi ali ndi poyambira kukana. Akanena kuti anali mlamu, wayamba bodza pamaso pa apolisi ndi maloya, ndipo bodza lotere silichedwa kugwa, pakuti mlamu wanji wosadziwa dzina la mkazi wa dalaivala? Kotsala n'kumusumira mwini galimoto. Mwini galimotoyo chuma chake chonse chinali Sienta yomweyo, imene tsopano yasanduka chitsulo cha pa sikelo, ngongole yake isanathe. Mayi wogulitsa mpunga amene ankadyetsa ana asanu watsala ndi ndodo ndi mapepala.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kundiyankha. "Iwe mtolankhani, unafikako ku Chikweo? Unafikako ku Ngokwe, ku Nayuchi, ku Utale nthawi ya dzinja? Nambala yofiira unaionako kumeneko?" Mukunena zoona, ndipo ine ndemwe wopanda ngakhale njinga ndimakwera zomwezo. Akuluakulu amatiuza za masiku a basi za UTM zomwe zinkagona kumidzi. Inabwera Stagecoach mu 1989, n'kuchoka mu 1997, inatsala Shire Bus Lines, nayo n'kutha. Dzenje lomwe anasiya analikwirira ndi mapikapu ndi malole a matola. Njanji ya ku Nacala imadutsa pakhomo pathu penipeni, pa Nkaya, pa Liwonde mpaka Nayuchi, koma amene amayenda mwaulemu tsiku ndi tsiku pa njanjiyo ndi malasha a ku Moatize. Mayi woyembekezera wa ku Ngokwe sangadikire kuti boma likonze mayendedwe. Akwera chomwe chaima.

N'chifukwa chake ine sindikupempha kuti apolisi achite chipikisheni, kugwira aliyense wonyamula munthu amene si m'bale wake. Zimenezo zimangokweza mtengo wa "ya fanta," mavuto n'kutsala pomwepo. Chomwe ndikupempha ndi mzere woonekera, woti dalaivala, wokwera ndi wapolisi onse aziudziwa mofanana, ndipo ulengezedwe pa wailesi m'Chichewa ndi m'Chiyao. A ku Britain anachita zotere pa galimoto kalekale. Lamulo lawo la 1981 limati galimoto yaing'ono siiwerengedwa ngati ya bizinesi ngati ndalama zonse zosonkhedwa sizikupitirira zomwe ulendowo wadya, komanso ngati munagwirizana ulendo usanayambe. Mwamva pamenepo? Usanayambe. Wotola anthu m'njira watuluka kale m'gulu limeneli. Ndipo kumeneko wosonkherana motere inshuwalansi yake imagwirabe ntchito.

Mzere wotere ungamumasule mphunzitsi wa ku Ntaja uja kuti asamanamizire anzake kukhala apongozi. Bwana wa Lachisanu ungamuuze kuti asankhe: asonkherane ndi anzake a mu ofesi mwachilungamo, kapena akalembetse nambala yofiira. Wa Sienta ya maulendo asanu alibe chonena, ndi wa bizinesi, akalembetse. Koma nawo a Road Traffic amuchepetsere mtunda. Munthu wa ku Nselema kuti akonze mapepala ake asamachite kutaya masiku m'tauni, kugona pa abale, galimoto ili chiimire osapanga ndalama. Ndipo aphungu athu a ku Machinga ndi Balaka, amene nthawi ya kampeni amanyamula anthu m'malole mpaka ena kulendewera kunja, nkhani ya mayendedwe a kumidzi akanaiyambitsa ndi iwowo ku Nyumba ya Malamulo, poti akuidziwa bwino kuposa ife.

Za pikapu ya ku Chikweo, yonyamula matumba a mpunga, njinga, mbuzi ndi anthu 20 pamwamba pake, palibe lamulo la ndege lomwe lingaikwane. Imeneyo ndi ya kabaza wa njinga zamoto tidzazikamba sabata ya mawa, akonzi akandisiyira malo.