Mlandu wa Uria Simango Sunazengedwe

Chipani chimene chimadzitcha cha anthu osauka chili ndi chiyeso chimene zipani zina sizichidziwa kwenikweni. Popeza chimakhulupirira kuti ndicho pakamwa pa alimi ndi anthu ogwira ntchito, sichichedwa kuganiza kuti aliyense wotsutsana ndi atsogoleri ake watsutsana ndi mtundu wonse. Mkangano umene ukanathera pa kuponya voti umasanduka mlandu wa kugulitsa dziko, ndipo wogonja, m'malo mobwerera kumpando wake wa m'komiti, amapita kundende kapena kumanda. Matenda amenewa anagwira chipani cha FRELIMO cha ku Mozambique chisanalowe n'komwe m'boma, ndipo amene amaphunzitsa mbiri ya chipanichi ngati nkhani ya ngwazi zimene zinagonjetsa athirakuwiri amaphunzitsa theka la nkhani, theka lina n'kulikwirira.

FRELIMO inabadwa pa 25 Juni 1962 mumzinda wa Dar es Salaam, pamene magulu atatu a anthu othawa ulamuliro wa Apwitikizi analumikizana. Gulu la UDENAMO linayambira ku Southern Rhodesia, la MANU linali ndi mizu yake pakati pa Amakonde okhala ku Tanganyika ndi Kenya, pamene la UNAMI, la anthu a chigawo cha Tete, linali ndi malo ake ku Nyasaland. Anthuwa sankalankhula chinenero chimodzi, sankapemphera mofanana, ndipo ambiri anali asanaonanepo. Chimene chinawasonkhanitsa chinali mkwapulo wa atsamunda: ntchito yokakamiza yotchedwa chibalo, yofanana ndi thangata, ulimi wa thonje wokakamiza, ndi kuphedwa kwa anthu ku Mueda pa 16 Juni 1960. Anasankha Eduardo Mondlane, munthu wophunzira kwambiri wa ku Gaza, kukhala pulezidenti, ndipo Uria Simango, mbusa wa mpingo wochokera ku Sofala, anakhala wachiwiri wake. Nkhondo inayamba pa 25 Seputembala 1964.

Mgwirizano wotere sukanalephera kukhala ndi mikangano, ndipo mafunso amene anabuka sanali achibwana. Kodi mdani ndi mzungu aliyense, kapena ndi dongosolo la utsamunda, kotero kuti mzungu kapena mmwenye wobadwira ku Mozambique angathe kulowa m'chipani? Kodi m'madera omasulidwa malonda a mtedza ndi korosho aziyendetsedwa ndi mafumu ndi amalonda, kapena ndi magulu a alimi? Nanga achinyamata ophunzira apitirize sukulu kunja, kapena ayambe agwira mfuti? Pansi pa zonsezi pankanyeka dandaulo lina limene atsogoleri sankafuna kulimva, loti mipando ikuluikulu inali m'manja mwa anthu a kummwera pamene magazi ambiri ankakhetsedwa kumpoto. Dandauloli linakula mu 1966, pamene mkulu wa asilikali Filipe Samuel Magaia anawomberedwa ndi msilikali wa chipani chomwecho, udindo wake n'kupita kwa Samora Machel, wa ku Gaza ngati Mondlane.

Chilungamo chifuna kuti pano mbali ya Mondlane ndi Machel ipatsidwe zake. Pa funso la khungu iwo ndiwo anali ndi mfundo yabwino: dziko lomangidwa pa chidani cha mtundu silikanaima. Ndiponso si onse owatsutsa amene anali oyera m'manja. Lázaro Nkavandame, mkulu wa chipani m'chigawo cha Cabo Delgado, ankanenedwa kuti akudzilemeretsa ndi malonda a m'madera omasulidwa. Anakana kupita ku msonkhano waukulu wachiwiri umene unachitikira ku Matchedje, m'chigawo cha Niassa, mu Julayi 1968. Anthu ake anakhudzidwa ndi imfa ya mkulu wina wa asilikali, Paulo Samuel Kankhomba, kumapeto kwa chaka chomwecho. Ndipo mu 1969 iye anakadzipereka kwa Apwitikizi. Akazitape a polisi yachinsinsi ya PIDE nawonso sanali nthano yoopsezera ana. Pa 3 Febuluwale 1969 Mondlane anatsegula phukusi la buku limene linali ndi bomba, nafera pomwepo mu Dar es Salaam. Chipani chimene mtsogoleri wake waphedwa motero chili ndi chifukwa chokhalira ndi mantha.

Koma mantha si umboni, ndipo apa ndi pamene mbiri yovomerezeka imayamba kuthamanga ngati munthu wodutsa pamanda usiku. Mondlane atamwalira, amene ankayembekezeka kulowa m'malo anali wachiwiri wake, amene msonkhano waukulu unali utangomutsimikiza pa udindowo miyezi isanu ndi iwiri m'mbuyomo. Komiti yaikulu itakumana mu Epulo 1969 sinatero. Inakhazikitsa utsogoleri wa anthu atatu, Simango, Machel ndi Marcelino dos Santos, ndipo aliyense wodziwa kuwerenga anaona kuti awiri adzaposa mmodzi pa nkhani iliyonse. Amene amati imeneyi inali nzeru yosungira umodzi ayenera kufotokoza chifukwa chake utsogoleri wa anthu atatuwo unatha Simango atangochoka. Unali msampha, ndipo unagwira nyama imene unatcheredwa.

Mu Novembala 1969 Simango anafalitsa chikalata chotchedwa Gloomy Situation in FRELIMO. M'menemo anadandaula kuti kagulu ka anthu a kummwera kalanda chipani, ndi kuti mamembala otsutsa akuphedwa popanda mlandu, natchula imfa ya Silvério Nungu, mmodzi wa akuluakulu a chipanicho. Chikalatacho sichinali chopanda chilema. Munali kukayikira anthu chifukwa cha kumene anachokera, ndipo kuchitulutsa poyera nkhondo ili mkati kunapatsa adani chonena. Komabe funso lake lalikulu linali lolunjika: kodi anthu akuphedwa m'misasa, ndipo walamula ndani? Funso lotere limayankhidwa ndi kafukufuku, mboni ziitanidwe, wonama aonekere. Chipani chinayankha pomuchotsa, ndipo mu Meyi 1970 Machel anakhala pulezidenti, dos Santos wachiwiri wake. Akale anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma FRELIMO inaphunzira m'chaka chimenecho kuti wotsina khutu amadulidwa dzanja, ndipo phunzirolo inalowa nalo m'boma.

Kuchokera pamenepo chipani chinapeza mawu ofotokozera zonse. Chinati munali kulimbana kwa njira ziwiri, njira ya kusintha zinthu ndi njira ya anthu ofuna kulowa m'malo mwa atsamunda kuti adyere anzawo masuku pamutu. Mawuwa ndi okoma m'kamwa, ndipo kuipa kwake kuli pomwepo. Anaika m'thumba limodzi wamalonda wothawira kwa adani, wansembe Mateus Gwenjere amene anautsa ophunzira a sukulu ya Mozambique Institute mu 1968, ndi mbusa amene anathandiza kukhazikitsa chipanicho natumikira monga wachiwiri kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Thumba likamangidwa, palibenso wofunsa kuti uyu analakwa chiyani, nanga uyo chiyani.

Boma la Portugal litagwa pa 25 Epulo 1974, Simango anabwerera kwawo, ndipo iye ndi anzake anakhazikitsa chipani cha PCN mumzinda wa Beira, akufuna kuti pachitike chisankho ufulu usanaperekedwe. Pangano la ku Lusaka la pa 7 Seputembala 1974 linapereka mphamvu kwa FRELIMO yokha popanda chisankho. Tsiku lomwelo azungu okana kusintha analanda nyumba ya wailesi ku Lourenço Marques, ndipo Simango anaoneka pamodzi nawo. Kumeneku kunali kulakwa kwakukulu, ndipo omukonda amene amakubisa amachita chinyengo chofanana ndi cha adani ake. Munthu amene anamenyera ufulu sakanayenera kuima pakhonde limodzi ndi anthu olirira utsamunda, makamaka poti chipolowe chimene chinatsatira chinapha anthu ambiri. Ngati panali mlandu, unali umenewu, ndipo boma latsopano likanatha kuutengera kubwalo, loya n'kuyankhula, woweruza n'kugamula dziko lonse likumva.

M'malo mwake, Simango anagwidwa ku Malawi, kumene boma la nthawi imeneyo, limene kwa zaka zambiri linkagwirizana ndi Apwitikizi, linali kufunafuna njira yokondweretsera eni mphamvu atsopano a tsidya lina la malire. Anaperekedwa m'manja mwa FRELIMO. Mu 1975 anamuimika pamaso pa khamu ku msasa wa Nachingwea ku Tanzania, namuwerengetsa chikalata chachitali chovomera milandu, pamodzi ndi akaidi ena monga Nkavandame, Paulo Gumane ndi mayi Joana Simeão. Ena mwa alendo amene anaonetsedwa akaidiwa anali Julius Nyerere ndi Kenneth Kaunda. Munthu wovomera mlandu atazingidwa ndi mfuti sanavomere kanthu. Wangosonyeza kuti akufuna kukhala ndi moyo. Akaidiwo anatumizidwa ku msasa wa M'telela m'chigawo cha Niassa, umodzi mwa misasa imene ankati ndi yophunzitsiramo anthu khalidwe latsopano, ndipo pakati pa 1977 ndi 1980, pa tsiku limene boma silinalengeze, anaphedwa mwachinsinsi. Mkazi wa Simango, mayi Celina, anaphedwanso. Kodi iwo anali mu njira iti mwa njira ziwiri zija?

Oikira kumbuyo chipanichi amayankha kuti nthawi inali yoopsa, kuti Rhodesia ndi South Africa zinali pakhomo, ndi kuti boma la Machel linatsegulira anthu wamba sukulu ndi zipatala zimene atsamunda anawamana kwa zaka mazana. Zonsezi n'zoona. N'zoonanso kuti gulu la RENAMO linaleredwa ndi akazitape a Rhodesia, kenaka n'kutengedwa ndi boma latsankho la South Africa, ndipo nkhanza zake pa anthu a m'midzi sizingachepetsedwe ndi cholembera cha munthu aliyense. Koma adani akunja sanabweretse asilikali a RENAMO kuchokera kumwezi. Mtsogoleri wake woyamba, André Matsangaissa, anali msilikali wa FRELIMO amene anathawa mu umodzi mwa misasa ija. Afonso Dhlakama nayenso anadzera mu FRELIMO. Onse awiri anali a m'chigawo chapakati, kwawo kwa Simango. Chipani chimene chinatseka pakamwa pa otsutsa a m'kati mwake, kenaka mu 1977 n'kudzilengeza kukhala chipani chokhacho cha mfundo za Marx ndi Lenin, chinalibenso munthu woti achiuze kuti kuchotsa mafumu, kunyoza zipembedzo ndi kusamutsira alimi m'midzi ya boma mokakamiza kukukwiyitsa anthu. Amene akananena anali ataona zimene zimachitikira onena. Mlendo anabwera ndi machesi, koma udzu wouma anaupeza utaunjikidwa kale. Nkhondoyo inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo enanso pafupifupi miliyoni anathawira ku Malawi, n'kudzaza misasa ya ku Nsanje, Mulanje, Ntcheu ndi Dedza.

Chowawa koposa ndi chakuti mfundo zimene anthu anaphedwera sizinakhalitse. Mu 1984 Mozambique inalowa m'mabungwe a IMF ndi World Bank. Mu 1989 msonkhano waukulu wachisanu unasiya mfundo za Marx ndi Lenin. Malamulo a dziko a mu 1990 analola zipani zambiri ndi kuthetsa chilango cha imfa, ndipo nkhondo itatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992, chisankho chimene Simango ankapempha mu 1974 chinachitika mu 1994. Pa mipando 250 ya nyumba ya malamulo, FRELIMO inapeza 129 ndipo RENAMO, ngakhale inali ndi magazi m'manja, inapeza 112, n'kupambana m'zigawo za Sofala, Manica, Tete, Zambézia ndi Nampula. Dandaulo la zigawo limene linatchedwa bodza la akazitape mu 1969 linaonekera m'mabokosi a voti. Malonda aja amene Nkavandame ananyozedwa nawo anasanduka ntchito yolemekezeka ya akuluakulu a chipani, ndipo Armando Guebuza, amene anali nduna ya za m'dziko m'masiku a misasa, anadzakhala mmodzi wa amalonda olemera a dzikolo asanakhale pulezidenti mu 2005. Chipani chili ndi ufulu wosintha maganizo, palibe wochiletsa. Chimene chilibe ndi ufulu wopitiriza kutcha anthu akufa ogulitsa dziko chifukwa cha maganizo amene icho chomwe chinadzawatola.

Palibe amene akupempha kuti Simango aikidwe m'gulu la oyera mtima. Chofunika n'chochepa: zikalata za milanduyo zitsegulidwe, amene analamula atchulidwe, ndipo mafupa aperekedwe kwa abale kuti alire maliro monga mwa mwambo. Ena mwa akuluakulu a chipanicho anadzavomera patapita zaka kuti anthuwa anaphedwadi, koma anavomera monyadira, osati mopepesa. Mondlane, Magaia, Machel ndi dos Santos agona pa bwalo la ngwazi mumzinda wa Maputo, kumene akuluakulu a boma amakaika nkhata za maluwa pa 3 Febuluwale chaka ndi chaka. Mwana wa Simango, Daviz, anasankhidwa kukhala meya wa Beira mu 2003, anayambitsa chipani cha MDM mu 2009, ndipo anthu a mumzindawo anapitiriza kumusankha kufikira imfa yake mu Febuluwale 2021. Anamwalira boma lisanamusonyeze pamene panagona bambo ake ndi mayi ake.